Mwali, Mkazi wa Kalonga, m'Mabuku a Mbiri Yathu

Wophunzira wa pa Mulanje Boma sadabwa akamva kuti ufumu umatsata kuchikazi, pakuti Amang'anja, Alomwe ndi Ayao omuzungulira amatero. Chimene chiyenera kumudabwitsa ndi kuchepa kwa mawu onena za akazi a kubwalo la Kalonga m'mabuku a mbiri ya Amaravi.

Buku la Samuel Josia Nthara lotchedwa Mbiri ya Achewa, limene linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973, ndi chuma chathu ndithu. Nthara anasonkhanitsa zimene akuluakulu anamuuza zisanatayike. Komabe msana wa nkhani yake ndi mafumu aamuna: maulendo awo, nkhondo zawo ndi kugawana kwawo dziko.

Nanga Mwali? Iyeyu anali mkazi wamkulu wa Kalonga. Pamene Kalonga ndi Nyangu, mayi wa ufumu, anali a mfunda wa Phiri, Mwali ankachokera kwa a Banda, eni kachisi wa mvula wa ku Mankhamba. Choncho ukwatiwo unali mfundo yomanga mkondo wa a Phiri ndi nsembe za a Banda. Koma taonani: Mwali ndi dzina la udindo. Akazi ambiri analilowa, ndipo aliyense wa iwo anamira m'dzinalo ngati mwala m'dziwe.

Ku Japan zinayenda mosiyana. Teishi, mkazi wa Mfumu Ichijo, anali ndi mdzakazi wodziwa kulemba, Sei Shonagon, mwini buku la Makura no Soshi. Bambo ake a Teishi atamwalira mu 995, banja lawo linagwa. M'chaka cha 1000 amalume a ku chimuna, Fujiwara no Michinaga, anakweza mwana wawo Shoshi kukhala mfumukazi yachiwiri, ndipo Teishi anamwalira pa uchembere patangopita miyezi. Sei Shonagon sanafune kukhalitsa pa masautsowa. Anationetsa mbuye wake akuseka, akuyesa nzeru za adzakazi ake ndi ndakatulo. Ena angati uku n'kubisa choonadi. Ine ndikuti ngakhale wobisayo anatisiyira munthu wokhala ndi nkhope.

Sitingamuimbe mlandu waukulu Nthara, pakuti mwambo wapakamwa umasunga maudindo kuposa anthu. Chodandaulitsa n'chakuti mafunso ake anatsata kwambiri mabwalo a mafumu, pamene kutsimba ndi pamtondo, kumene anamkungwi amasunga zawo, kunali mbiri inanso yoyembekeza woifunsa.