Za Liwu Loti "Eftsoons"

Pamsonkhano wathu wapitawu mnzathu wina adatiwerengera ndakatulo yake ya Chingerezi yolira agogo ake. Idandigwira mtima mpaka pamene tidafika pa liwu loti "eftsoons". Apo ndidaphunthwa, ndipo kumbuyo kwanga ena adalephera kubisa phwete. Pamaliro saseka, choncho tiyeni tilione bwino liwuli.

Ndi muonjezi wakalekale, wochokera ku "eftsona" wa m'Chingerezi chamakedzana. Muli zidutswa zitatu. "Eft" ndiye kuti kachiwiri kapena pambuyo pake, mbale wake wa "after". "Soon" tonse tikumudziwa. Ka "s" kakumapetoko sikochulukitsa ayi. Ndi kamene kalinso mu "always" ndi "towards". Tanthauzo lonse ndi loti posakhalitsa pambuyo pake. Mnzathuyu, poona kuti liwulo likununkha ukalamba, adaliyesa kuti ndi "kalekale". Motero agogo amene amati adamwalira kalekale adasanduka omwalira patangopita kanthawi.

Koma chimene chidandivuta kwambiri ndi katchulidwe. Kwa eni ake liwuli lili ndi maphatikizo awiri okha, eft-soons. Mphamvu imagwera pa lachiwiri, ndipo "s" wotsiriza amamveka ngati "z". Ife lilime lathu lidazolowera kuti phatikizo lililonse lithere pa lembo la liwu. Nchifukwa chake "school" wa phatikizo limodzi tidamsandutsa su-ku-lu. Tsono f, t ndi s zikaunjikana popanda popumira, timalowetsapo "u" osadziwa. Mnzathu adatchula kuti e-fu-tu-su-nzi. Asanu! Mzere umene papepala udali ndi maphatikizo 8 udatuluka m'kamwa uli ndi 11, nupunduka mwendo pamalo penipeni pofunika misozi.

Ndikudziwa kumene adalitola. Lili mu The Rime of the Ancient Mariner ya Coleridge, imene idayamba kutuluka mu 1798. Komatu ngakhale nthawi imeneyo lidali litatha kale ntchito. Coleridge adalifukula dala kuti nkhani ya mkulu wapanyanja uja imveke ngati nyimbo yamakolo, pakuti Spenser adali atalikonda mu The Faerie Queene mu 1590. Iye adali ndi chifukwa. Nanga mnzathu, agogo ake a kumudzi adalakwanji kuti awaveke jekete la Spenser?

Mizere ina yonse ndi yake, ndipo ija ya mtondo wosiyidwa pabwalo sindidzaiwala. Achotsepo liwu limodzi lokhali, adzatiwerengerenso.