Sitima ya mabogi anayi ndi ana amene sanalowe m'chithunzi

Sabata ino ndakatulo tiziike kaye pambali, tikambirane za zithunzi. Musanyinyirike, chithunzi nachonso chimawerengedwa, ndipo chimatha kunama ngati cholembera.

Ine ndimakhala kuno ku Guilleme, m'boma la Mchinji. Njanji yochokera ku Lilongwe imadutsa m'boma lathu lino, koma mutha kukhala nthawi yaitali osamva hutala ya sitima. Ikabwera imakhala yaifupi, mutu umodzi ndi mabogi oti muwerenga ndi zala, ikuyenda pang'onopang'ono ngati ikuopa kudzutsa mwana. Ndiye pali anthu ena amene mtima wawo uli pa kujambula sitima zoterezi. Ambiri ndi alendo akunja, koma masiku ano Amalawi nawonso ayamba. Zithunzi zawo mwina mwaziwonapo pa Facebook: sitima ikubwera chammbali pang'ono, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula, nambala ya injini ikuwerengeka bwinobwino.

Mmodzi wa iwo ndinakumana naye tsiku lina ndili pa njinga, pamalo pomwe msewu wafumbi umadumpha njanji. Anati wakhala akudikira kuyambira m'mawa. Sitima itayamba kumveka, ana anatulukira mbali zonse monga mukudziwira. Mlendo uja anayamba kukupiza dzanja kuti asunthe, achoke kutsogolo kwa kamera. Mayi wina amene anasenza nkhuni naye anapemphedwa kuti ayime kaye kumbuyo. Sitima inadutsa, mabogi anayi basi. Kenako anandionetsa chimene wajambula.

Chinali chokongola, ndisaname. Mitambo yamvula kumwamba, chimanga chobiriwira mbali zonse, sitima pakati ngati yochita kuyikapo ndi dzanja. Koma dziko limene linali m'chithunzimo ndi dziko lopanda munthu. Ife tonse amene tinali pamenepo, anthu oposa khumi, munalibemo ngakhale chigongono.

Ndisanawadzudzule anthuwa ndiyambe ndawayamikira, chifukwa pali chinthu chimene amatiposa. Salephera kulemba tsiku, malo ndi nambala ya injini pansi pa chithunzi. Ife timangolemba kuti "kumudzi kwathu" n'kuikapo timitima. Pitani ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri mu Blantyre mukaone injini yamalasha imene ili panja paja, kenako mudzifunse kuti ndi angati mwa ife amene tili ndi chithunzi cha agogo athu akukwera sitima. Zaka 50 zikubwerazi, wofuna kudziwa kuti pa njanji ya Mchinji pankayenda chiyani adzadalira zithunzi za alendo omwewa.

N'chifukwa chake kuchotsa anthu m'chithunzi kukundiwawa. Kwa wojambula uja sitima yaifupi ndi kanthu kosangalatsa, kosowa, ngati mbalame imene siwonekawoneka. Kwathu kuno kufupika kwakeko ndi nkhani ina. Njanjiyi inamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada, inafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima mu 1979, kenako n'kupitirira mpaka ku Mchinji. Kachigawo kotsala kolumikiza Mchinji ndi Chipata, makilomita pafupifupi 27, ntchito yake inayamba mu 1982 koma kanatsegulidwa mu 2010, nthawi ya a Bingu wa Mutharika kuno ndi a Rupiah Banda ku Zambia. Werengani nokha: zaka 28 pa makilomita 27. Kilomita imodzi pa chaka, eti! Anthu anauzidwa kuti katundu wa ku Zambia azidutsa pano kupita kudoko la Nacala, ndipo mtedza, soya ndi fodya wathu zizikwera momwemo. Lero imani pa msewu wa M12 muwerenge mathiraki olowera ku Mwami, kenako mukakhale pa njanji muwerenge sitima. Mabogi anayi aja ndiwo otsala a lonjezo limenelo, ndipo amene analonjezedwa ndi omwe aja anauzidwa kuti asunthe.

Mwina wina anena kuti wojambulayo amateteza ana ku ngozi. Zoona, njanji si bwalo losewerera. Koma anawo anali patali ndi njanji. Chimene ankawononga ndi chithunzi.

Palinso mtundu wina wa zithunzi umene sundikhutiritsa: zija zojambula ndi drone, za sitima yamalasha yochokera ku Moatize, yodutsa pa Nkaya ndi ku Liwonde kupita ku Nacala, mabogi opitirira 100 atapindika ngati njoka. Zimenezo zimagometsa, koma ukazijambula uli kumwamba choncho anthu amasanduka nyerere. Sizionetsa munthu amene wayima ndi njinga yake kudikira kuti malasha a eni ake athe kudutsa.

Kuti muone kuti zingatheke mwanjira ina, fufuzani zithunzi za O. Winston Link wa ku America. Pakati pa 1955 ndi 1960 iye ankajambula sitima zomaliza zamalasha za kampani ya Norfolk and Western, kawirikawiri usiku, ndi magetsi ambirimbiri othwanima. Chithunzi chake chodziwika kwambiri ndi cha 1956, cha ku Iaeger ku West Virginia. Kutsogolo kuli mnyamata ndi mtsikana m'galimoto, akuonera kanema wapanja. Pa kanemayo pakuoneka ndege. Sitima ikudutsa kumbuyo, utsi uli tolotolo. Simufunika kuuzidwa kuti galimoto ndi ndege ndizo zikudzailanda malo sitimayo, chithunzi chanena chokha. Sindikuti Link anali mngelo ayi. Anthu ake ankachita kuwaika pamalo, ndipo ndege ija anachita kuiwonjezera pambuyo pake potsuka chithunzi. Koma onani kumene bodza lake linkaloza: iye ankavutikira kulowetsa anthu, pamene mlendo wathu uja ankavutikira kuwatulutsa.

Ndipo tisamangoloza alendo chala. Ndakatulo zingati zimene timaika muno zonena za mudzi, zodzaza mapiri, mitsinje ndi dzuwa likulowa, koma mulibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ali ndi ngongole ya feteleza? Inenso ndinalembapo zotero, ndipo munazikonda kwambiri, zikomo.

Sitima itapita tsiku lija, mayi wa nkhuni uja anayandikira pamene ndinayima.

"Achimwene, kodi imeneyi imanyamula anthu?"

"Ayi mayi, ndi ya katundu yokha."

"Nanga katunduyo ndi wa ndani?"

Ndinamufunsa mlendo uja. Anayang'ana m'kabuku kake, momwe munali nambala ya injini, nthawi imene yadutsa ndi chiwerengero cha mabogi, n'kupukusa mutu. Mayi aja anakonza nkhata, n'kudumpha njanji.