Luso Lochotsa Internet Explorer Mabuku a Ndalama Osagwedezeka

Pa 15 Juni 2022 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Internet Explorer 11 pa makompyuta ambiri a Windows 10. Anthu ambiri sanadandaule. Pulogalamu yotsegulira masamba a pa intanetiyi inatuluka mu 1995, ndipo pofika tsikulo ochuluka anali atasamukira kalekale ku Chrome ndi anzake. Koma panali gulu limene nkhaniyi inalikhudza mwachindunji: maakauntanti ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono amene amasunga mabuku awo mu QuickBooks Desktop, pulogalamu ya kampani ya Intuit ya ku Mountain View ku California. Ku America, 15 Juni ndi tsikunso lomaliza loperekera gawo lachiwiri la msonkho umene ochita bizinesi amalipiriratu chaka chisanathe. Tsiku lotere munthu safuna kuti sikirini ingoti mbee popanda cholembedwa.

Ambiri mwa anthuwa sankatsegula n'komwe Internet Explorer. Chilembo cha "e" chabuluu chija chinkangokhala pakona osakhudzidwa. Komabe ankaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku mosazindikira. Akauntanti akamakoka ndalama zolowa ndi zotuluka kuchokera kubanki, akamalowa mu akaunti yake ya Intuit, akamakonza malipiro a antchito kapena kulandira ndalama za kasitomala wolipira pa khadi, kazenera kamene kankatseguka mkati mwa QuickBooks kanali tsamba la pa intaneti, ndipo amene ankalijambula anali Internet Explorer. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri mndandanda wa zofunika kuti QuickBooks Desktop iyende unkatchula Internet Explorer 11 poyera.

Chimene ndikufuna kuyamikira ndi mmene mainjiniya anachotsera chinthu chozikika choterechi ofesi zambiri osaima ngakhale ola limodzi. Ntchito yomanga chatsopano imatamandidwa ndi aliyense. Ntchito yochotsa chakale mosapweteka munthu imaoneka pokhapokha ikalephereka, ndipo kwa ine ndi imene imafuna mutu wozizira kwambiri.

Poyambira pake ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timazitchula ndi dzina limodzi. Pali fayilo yotchedwa iexplore.exe, imene imapereka zenera, mabatani ndi malo olembapo adiresi. Ndiye pali injini yake, MSHTML, imene ena amaitcha Trident, ndipo ndi imene imawerenga tsamba n'kulijambula. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 Microsoft inalola olemba mapulogalamu ena kubwereka injiniyi kudzera m'kachida kotchedwa WebBrowser control. Wolemba pulogalamu ya mabuku a ndalama sankafunikanso kupanga browser yakeyake. Ankangotenga imene inali kale mu Windows n'kuilowetsa m'zenera lake. Kulowererana kumeneku ndi kumene kunali pakatikati pa mlandu umene boma la America linasumira Microsoft mu 1998, pamene kampaniyo inkanena kuti browser ndi Windows ndi chinthu chimodzi. Patapita zaka zoposa makumi awiri, mainjiniya a kampani yomweyo anayenera kupeza malire enieni a ziwirizi ndi kudula pamenepo ndendende.

Anadula pa zenera, injini n'kuisiya. Zili ngati mmisiri amene wauzidwa kuti agwetse khonde lofumbwa la nyumba, n'kuona kuti mzati umodzi wa khondelo ndi umene wanyamulanso denga la chipinda chimene anthu akugonamo. Amachotsa zonse mosamala, mzatiwo amausiya, ndipo amapitiriza kuuteteza ku chiswe. MSHTML inakhalabe mu Windows 10, inalowanso mu Windows 11 imene inatuluka mu Okutobala 2021 yopanda zenera la Internet Explorer, ndipo ikulandirabe zigamba zachitetezo. Pulogalamu yakale imene imaitana injiniyi imayankhidwa monga mwa nthawi zonse.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamaonetsa bwino maganizo a anthu amenewa, ndipo ndimakakonda kuposa zonse. Pulogalamu ikabwereka WebBrowser control popanda kunena chilichonse, Windows imaijambulira masamba monga ankajambulira Internet Explorer 7 wa mu 2006, ngakhale pa kompyutapo pali Internet Explorer 11. Wolemba pulogalamu akafuna khalidwe latsopano, ayenera kupempha yekha, polemba dzina la pulogalamu yake mu registry pansi pa FEATURE_BROWSER_EMULATION ndi kuika nambala monga 11001. Poyamba munthu angaone ngati n'kutsalira. Koma taganizani za fomu ya invoisi imene inakonzedwa mu 2008, wolemba wake anachoka pa ntchito kalekale, ndipo mizere ya manambala imakhala m'malo mwake chifukwa cha kachitidwe kena ka browser ya nthawi imeneyo. Injini ikasintha khalidwe yokha usiku umodzi, m'mawa mwake nambala ya msonkho ikhoza kugwera pamzere wa mtengo wa katundu. Mainjiniya anasankha kuti kusintha kubwere kwa amene wakupempha basi. Amene wakhala chete amapatsidwa zimene anazizolowera. Uku ndi kulemekeza ntchito ya munthu amene simudzamuona, ndipo pa mabuku a ndalama ulemu wotere ndi wamtengo wapatali.

Mwambo umenewu ndi wakale ku Microsoft. Joel Spolsky, amene anagwirapo ntchito ku Microsoft, anasimba kuti Windows 95 inapangidwa kuti izizindikira masewera a SimCity, amene anali ndi cholakwika pa kagwiritsidwe ntchito ka memory, n'kumawachitira mwapadera kuti asagwe. Cholakwikacho sichinali cha Microsoft. Koma wogula sakanafunsa kuti wolakwa ndani; akanangoona kuti masewera ake afa atasintha Windows.

Kwa masamba akale amene amafunadi zenera, anakonza njira ina. Edge watsopano, browser ya Microsoft yomangidwa pa Chromium, anatuluka mu Januwale 2020, ndipo ali ndi gawo lotchedwa IE mode. Tsamba likatsegulidwa mu gawoli, kunja kumaoneka Edge koma mkati amene akujambula ndi MSHTML uja, pamodzi ndi tizida ta ActiveX timene masamba ena a mabanki ndi a maofesi ankadalira. Woyang'anira makompyuta a kampani amalemba mndandanda wa masamba otere m'fayilo imodzi, ndipo wogwira ntchito akalemba adiresi, Edge amadziwa yekha injini yoyenera. Munthu wopanda woyang'anira ankadina batani lotsegulanso tsambalo mu IE mode, ndipo Edge ankakumbukira chisankhocho kwa masiku 30. Malire a masikuwo anali ndi nzeru yake: sankalola kuti tsamba likhalire pa injini yakale mpaka kalekale chifukwa choti wina anadinapo kamodzi n'kuiwala. Microsoft inalonjeza kusamalira IE mode mpaka 2029 kapena kupitirira, ndiponso kuchenjeza chaka chathunthu isanaichotse.

Nthawi nayo anaigawa pang'onopang'ono. Teams inasiya kugwira ntchito ndi Internet Explorer 11 mu Novembala 2020, mapulogalamu ena a Microsoft 365 mu Ogasiti 2021. Tsiku la 15 Juni 2022 linalengezedwa mu Meyi 2021. Ngakhale tsikulo litafika, sanazimitse makompyuta onse pamodzi. Chilembo cha "e" chinayamba kutsegula Edge pa makompyuta ena lero, ena mawa, ndipo kutseka kotheratu kunachitika pa 14 Febuluwale 2023. Windows Server ndi mitundu ya Windows 10 ya LTSC sizinakhudzidwe ndi tsiku lija.

Ku Intuit kunali ntchito yawo. Injini inalipobe, inde, koma kudalira injini imene sikukulanso pamene mabanki ndi masamba ena akuleka kuiganizira kunali kungochedwetsa vuto. Choncho mu Juni 2022, tsiku la Microsoft lisanakwane, QuickBooks Desktop inayamba kugwiritsa ntchito browser yakeyake yomangidwira mkati, imene inafika kwa anthu ngati update wamba. Ntchito yotereyi ndi yotopetsa kuposa mmene imamvekera. Zenera lililonse limene linkaitana Internet Explorer liyenera kupezedwa, ndipo njira imene tsamba limalankhulirana ndi pulogalamu iyenera kulukidwanso, kuti kasitomala akalipira pa khadi ndalamazo zilembedwe pa invoisi yoyenera kamodzi kokha, osati kawiri. Palinso zinthu zimene zinkabwera zokha ndi Internet Explorer. Pamene Intuit inayamba kufuna TLS 1.2 pa kulumikizana kwake, malangizo ankatumiza anthu ku Internet Options kukachonga kabokosi, chifukwa QuickBooks inkatsata zoikidwa za browser imene mwini wake sankaitsegula. Makampani odutsa pa proxy ankadaliranso zoikidwa zomwezo. Wosamutsa pulogalamu ayenera kukumbukira tinthu tonseti, chifukwa akaiwala kamodzi, ofesi ina imene sanaiganizire imalephera kulipira antchito Lachisanu.

Si onse amene anawoloka bwino, ndipo sindibisa. Nthawi imeneyo Intuit inkasamalira mtundu uliwonse wa QuickBooks Desktop kwa zaka pafupifupi zitatu, ndipo wa 2019 unasiya kusamaliridwa itatha 31 Meyi 2022, milungu iwiri yokha tsiku la Internet Explorer lisanafike. Amene anali pa mtundu umenewu kapena wakale kuposa pamenepo sanalandire browser yatsopano. Fayilo yawo inkatsegukabe, ankatha kulemba invoisi ndi kusindikiza malipoti, chifukwa zonsezi zimachitikira pa kompyuta pomwepo. Koma kukoka za kubanki, malipiro a antchito ndi kulandira ndalama pa khadi zinaima, ndipo njira inali kugula watsopano. Chimenechi chinali chisankho cha malonda, osati kulephera kwa mainjiniya, koma kwa mwini shopu yaing'ono kusiyana kwake n'kochepa. Ndikuona kuti kwa kampani imene anthu anaisungitsa mbiri ya ndalama zawo ya zaka zambiri, zaka zitatu n'zochepa.

Kusiya injini kulinso ndi mtengo wake. Mu Seputembala 2021 panapezeka bowo mu MSHTML, lolembedwa CVE-2021-40444, limene akuba ankadzera potumiza chikalata cha Office chooneka ngati chabwinobwino. Ndipo ndani amatsegula zikalata zochokera kwa anthu osawadziwa kuposa wa ku ofesi ya ndalama, amene ntchito yake ndi kulandira mainvoisi? Mainjiniya ankadziwa kuti posiya injiniyo adzipatsa ntchito yoilondera kwa zaka zina zambiri, ntchito imene siibweretsa kasitomala watsopano ngakhale mmodzi. Anaivomera chifukwa kuichotsa kukanathyola mapulogalamu ambirimbiri amene eni ake ena anatseka kale makampani awo.

Kwa olemba mapulogalamu amene akufuna kusamuka, Microsoft inakonza cholowa m'malo mwa WebBrowser control, chotchedwa WebView2, chimene chinayamba kupezeka kwa onse mu Okutobala 2020. Chimabwereka injini ya Edge, ndipo wolemba amasankha pakati pa njira ziwiri: kulola kuti injiniyo izisintha yokha pamodzi ndi zigamba zake, kapena kunyamula mtundu umodzi wokhazikika mkati mwa pulogalamu yake, n'kumausintha iye mwini akamaliza kuuyesa. Njira yachiwiriyi ndi yothandiza pulogalamu imene siyenera kusintha khalidwe pakati pa mwezi popanda wina kuiyesa, ndipo udindo wa zigamba zachitetezo umagwera pa amene waisankha.