Ng'oma ya Maule Kuchokera ku Mbulumbuzi

Wambani ng'oma pamoto, achimwene, chikopa chikungike. Matani phula pakati. Mbalule itsogole, mpanje utsate pambuyo. Lero sitikuvina tchopa ndipo palibe mkwati woperekeza. Lero tikutchula mayina a Maule, limodzilimodzi, mpaka a ku Njuli amve, a ku Namitambo atuluke m'nyumba, a ku Thumbwe asiye khasu pamzere wa nandolo.

Di! Di-di! Di!

Inu Maule! Inu ofiira a 1967! Timu ya fuko, odzaza bwalo la Kamuzu dzuwa lisanafike paliwombo. Obadwira mu Blantyre koma okulira m'makutu mwa ife a ku Chiradzulu, ife oonera mpira pa wailesi, osonkherana ya mabatire Loweruka m'mawa, okweza kawailesi m'mwamba ngati mawu ayamba kuthawa. Inu otsekesa okala nthawi isanakwane. Inu oimitsa kabaza pakati pa msewu, wokwera ndi wopalasa onse khutu kumodzi. Inu oziziritsa tchipisi pachiwaya chifukwa wokazinga waiwala moto. Mukachinya, phiri la Chiradzulu limabweza mfuu kawiri.

Inu a mayina ambiri! A Bata anakuvekani nsapato, munakhala Bata Bullets. A Total anakuthirani mafuta. Munatchedwapo Bakili Bullets, dzina la mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo. A ndudu za Nyasa anadza ndi lawo, banki ya First Capital yaikanso zilembo zake zitatu kutsogolo. Onsewa tiwathokoze, chifukwa mpira umadya ndalama ndipo m'thumba mwathu mulibe. Koma funsani kondakitala aliyense wa minibasi yochoka ku Mbulumbuzi kupita ku Limbe kuti akusewera ndani lero. Sadzatchula banki, sadzatchula ndudu. Adzati Maule.

Di-di! Di! Kwezani dzanja, achimwene, tikulowa m'mizu.

Kinnah Phiri! Mwendo wosafunsa goloboyi, mwini zigoli 71 mu malaya a Flames, nambala yomwe mpaka lero anyamata amaiyang'ana chapatali. Wa m'badwo womwe unabweretsa chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Lawrence Waya, Lule wopinda anthu msana mpira uli kuphazi! Amalume akamafotokoza za iye amaimirira, amakankha mpando, amaonetsa ndi chiuno momwe otchinga kumbuyo ankagwera okha.

Inu a zikho zisanu ndi ziwiri zondondozana! Kuyambira 1999 mpaka 2005 ligi inali ndi mwini mmodzi. Mwana wobadwa chaka choyambacho anayamba sukulu asanamvepo katswiri wina. Inu a 2004, Kinnah atakhala pabenchi ngati mphunzitsi, ogwetsa Orlando Pirates ya ku Johannesburg, olowa m'gulu la matimu asanu ndi atatu otsala mu Africa yense! Munakhala gome limodzi ndi Étoile du Sahel ya ku Tunisia, Africa Sports ya ku Abidjan ndi Enyimba ya ku Nigeria, yomwe inatenga chikhocho chaka chimenecho. Fischer Kondowe kumbali, tsitsi likuuluka. Peter Mponda kumbuyo, chitseko chopanda kiyi. Sungani dzina limeneli, tibwererako.

Gabadinho Mhango, mwana wa m'khola lomweli! Mu January 2022, ku Yaoundé, anaona goloboyi wa Morocco wasuntha pang'ono, n'kuutumiza kuchokera kutali komwe ena amapatsirana. Usiku umenewo ngakhale anansi athu a Manoma anavina nafe.

Di! Di! Di-di-di!

Kalisto Pasuwa! Mlendo wa ku Zimbabwe wodza ndi kalumo kakuthwa. Wotenga ligi kanayi ndi Dynamos ku Harare, wofika kuno mu 2018 n'kupitiriza ngati sanasinthe dziko. Wosamwetulira timu ikutsogola ndi chimodzi. Wokweza anyamata a timu yaing'ono pomwe ena akuthamangira mayina otopa. 2018, chathu. 2019, chathu. 2021, chathu. 2022, chathu. 2023, chathu. Kasanu, popanda wodutsa pakati.

Apa tsitsani dzanja. Mpanje wokha ulankhule.

2023 imeneyo sitiitchula mothamanga kuno kwathu. Mu March namondwe Freddy anagumula mapiri, matope anatsika pa mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe, anthu anapita, minda inasanduka miyala. Ng'oma zinakhala chete. Chikho sichiukitsa munthu, ndipo sitinganame kuti chinatipukuta misozi. Koma chaka chomwecho, anthu akumanganso ndi njerwa zotola m'matope, Maule anatola zinayi: ligi ya TNM, chikho cha FDH, Airtel Top 8, ndi chikho cha Castel chomwe chinali chitangoyamba kumene. Madzulo ena munthu ankapeza chifukwa chokwezera mawu osati polira. Inu otola zonse! Inu osasiyira mnzanu ngakhale mkute!

Di. Di. Di-di! Bwezerani liwiro, koma ng'oma iyi si yonyengerera.

Inu ogona pa mphasa ya zikho! Mu 2024 munadzuka mochedwa. Ligi inakwera basi kupita ku Lilongwe, kwa Silver Strikers, anyamata a banki yaikulu. Ndipo anawatsogolera ndani? Peter Mponda, chitseko chathu chomwe chija, mwana woleredwa pakhomo pano. Anatimenya ndi ndodo yomwe tinamusemera tokha. Chikho cha FDH chinatipulumuka pa mapenate kwa Blue Eagles, apolisi omwe nthawi imeneyo sanali n'komwe mu ligi yaikulu. Tsiku limenelo mawailesi ambiri kuno anazimitsidwa woulutsa asanamalize chiganizo, ndipo nsima inabwerera kukhitchini yosakhudzidwa.

Ine mlandu ndimauika apa: Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma, mapiko athu awiri, anapita ku Lubumbashi mpikisano uli pakati. Sindikuwada anawo. Mwendo wa wosewera uli ndi zaka zowerengeka, apite akadye. Koma wogulitsa mapiko awiri tsiku limodzi amayenera kukhala ataona kale nthenga zikumera pena. Ife tinangoona mipira yoponyedwa m'mwamba, yofunafuna mutu wa munthu.

Inu mikango ya pakhomo, yofatsa mukawoloka malire! Simba ya ku Dar es Salaam inatidutsa mu 2022. TP Mazembe inatidutsa mu 2023. Red Arrows ya ku Lusaka inatidutsa mu 2024. Zaka zoposa makumi awiri zapita chichokereni 2004, ndipo tikadali kufotokozera ana za Orlando Pirates ngati nthano ya padangokhala. Timu yotenga ligi kasanu motsatizana siyenera kumatuluka pa khomo loyamba kapena lachiwiri chaka ndi chaka. Pamenepa ng'oma ikukufunsani, siikukutamani.

Di-di! Tembenukirani kwa anansi, tiwapatse moni, ndi mwambo.

Inu Manoma! Nyerere za pa Lali Lubani, obiriwira ngati thambo, akulu athu pobadwa chifukwa inu ndi a 1962. Khola la Jack Chamangwana, khola la Joseph Kamwendo. Popanda inu Blantyre ikanakhala ndi Loweruka lozizira, ndipo ife tikanasowa womuseka pa chigayo. Munalawa ligi mu 2017, kenaka kuyambira 2018 mpaka 2024 munkangoimva fungo ikudutsa. Alamu anga ndi anu, amavala buluu ngakhale ku maliro, ndipo chaka chilichonse mu April amandiuza kuti chaka chake n'chino. Ndimawathirira tiyi, ndimawavomera.

Inu Mabanka a ku Area 47! Munatenga mu 2024, tavomera, munasewera mpira woyera.  

Di! Di! Tsopano mbalule ilire yokha, nkhani iyi ndi yowawa.

Inu akuluakulu opanda nyumba! Zaka zoposa makumi asanu, zikho zosakwana m'kabati imodzi, koma bwalo lanulanu mulibe. Mu 2019 boma linalonjeza kumangira Maule ndi Manoma mabwalo awo. Tinaomba m'manja mpaka kuwawa. Masewero akadali pa Kamuzu, bwalo lokalamba lomwe a CAF amalikana, moti alendo akunja akabwera timawalandirira pa Bingu ku Lilongwe. Kuchoka kuno kukafika ku Chichiri ndi minibasi ziwiri, munthu amagulitsa dengu la tomato n'kupita, madzulo wabwerera. Ku Lilongwe ndi ulendo wogona, wa ndalama ya thumba la feteleza. Timu ya anthu ikamasewera komwe anthu ake sangafike, otsala pa wailesi ndife.

Di-di-di! Di! Manja onse awiri, achimwene, anabwera!

Peter Mponda anabwerera! Mu 2025 Pasuwa anatenga Flames, ndipo mpando wake unakhalidwa ndi mwana wa pakhomo. Kaputeni wa ku Angola mu 2010, tsiku lomwe Malawi inathira Algeria zitatu kwa duu. Wodziwa kulemera kwa malaya ofiira chifukwa anawanyowetsa yekha ndi thukuta. Wotilanda chikho ndi dzanja lamanja, tinati bwezani ndi lamanzere. Tinakulandirani, a Mponda. Tinati: sitikupatsani zaka zitatu zoyeserera, mukutidziwa. Mukafanana mphamvu kawiri motsatizana tidzayamba kung'ung'udza, kachitatu tidzaimba foni ku wailesi.

Koma imvani pempho la kuno. Pa mabwalo a sukulu ku Nguludi, ku Mbombwe pafupi ndi PIM ya Chilembwe, ku Milepa ndi ku Namadzi, kuli anyamata othamangitsa chikulunga cha mapepala ndi zingwe, opanda nsapato, magolo ake nsungwi ziwiri ndi luzi pamwamba. Alipo amene amaumenya ndi mwendo wamanzere mpaka nsungwi kugwa. Palibe amawalemba dzina. Chiradzulu ili pakhomo pa Blantyre, galimoto yanu siingathe ndi theka la thanki. Tumizani wina adzakhale pansi pa mtengo Lamulungu masana, aone yekha. Ndipo tsiku lina, ligi ikapuma, bweretsani timu yonse idzasewere pa fumbi lathu, agogo omwe akhala akukumverani pa wailesi kuyambira nthawi ya Bata adzakuoneni ndi maso.