Nyanga za Hannya ndi Nkhope ya Simoni

Tsiku lina ndikudikira basi pa malire a Mwanza, pamseu wopita ku Zobue ndi ku Tete, ndidamva wogulitsa ziboliboli akuuza mlendo kuti chigoba cha mano aatali chimene adanyamula chinali chiŵanda cha Gule Wamkulu. Mlendoyo adagula. Ine mtima udandiŵaŵa, pakuti bodza lomwelo ndimaliona m'maseŵero athu pano pasukulu. Mlembi akafuna kuti oonerera agwidwe nthumanzi amangotulutsa chilombo pabwalo, chizungulire kaŵiri, chibwerere.

Kuti tione pamene tikulakwa, tiyeni tiyambe tacheukira ku Japan. Kumeneko kuli maseŵero a Noh, amene Zeami adaŵakhazikitsa bwino m'zaka za m'ma 1400. Chigoba chao chotchuka ndi Hannya, cha nyanga ziŵiri ndi kukamwa kwa yasa. Wosadziŵa angati ndi Satana, koma ndi mkazi amene nsanje yamsandutsa chinthu china. M'seŵero la Aoi no Ue, amavala chigobachi ndi mzimu wa Rokujo, mai wotayidwa ndi Genji, ukudza kudzazunza mkazi wa mwamunayo. Woseŵera akayang'ana kutsogolo, nkhope imaopsa; akaŵeramitsa mutu pang'ono, nkhope yomweyo imalira. Woonerera amachita mantha, kenaka amamva chisoni, potsiriza amadzizindikira yekha.

Kodi kwathu sizili chomwecho? Simoni wa nkhope yofiira amaseka mzungu wopsa ndi dzuŵa. Maria amakumbutsa za chikhalidwe cha akazi. Kasiyamaliro amaperekeza mzimu wa womwalira. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake, ng'oma yake ndi mwambo wake. Amishoni ambiri oyamba adazitcha zausatana chifukwa adaona nkhope osamva nyimbo. N'zochititsa chidwi kuti wansembe mnzao, Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa Kungoni ku Mua m'chaka cha 1976, ndiye adadzasonkhanitsa mazana a zilombozi ndi matanthauzo ake. UNESCO idalemekeza Noh m'chaka cha 2001 ndi Gule Wamkulu mu 2005.

Tsono pempho langa kwa anzanga olemba ndi ili: musanaike chilombo m'seŵero, dzifunseni kuti chikudzudzula khalidwe lanji, ndipo chikuloza yani mwa oonerera. Ngati yankho mulibe, chisiyeni kudambwe. Mukachitulutsa chopanda mau, inunso mwasanduka wogulitsa wa pa Mwanza uja, ndipo alendo anu ndife.