Chomata Kumsana kwa Uta Chimasankhidwa ndi Mimba Yake

Mlenje akakoka nsinga, mtengo wa uta umagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Mbali yoyang'ana kumene muvi ukupita, yomwe amisiri amaitcha msana, imatamuka, pamene mbali yoyang'ana mwini uta, mimba, imafinyika. Uta ukathyoka mwadzidzidzi, nthawi zambiri vuto limayambira kumsana: kaluzi kamodzi ka thabwa kamatukuka, kenako phwa! N'chifukwa chake amisiri ena amamatako nsungwi, chikopa chosafufuta, nsalu kapena mitsempha ya nyama. Ambiri amangofunsa kuti cholimba kuposa zonse n'chiti, ndipo ine ndikuona kuti pamenepo ndi pomwe amasokera. Chomata chabwino ndi chimene chikulingana ndi mphamvu za mimba ya utawo komanso nyengo ya kumene ukagwire ntchito.

Taonani mauta oposa 130 amene anapezeka m'chombo cha Mary Rose, chimene chinamira ku England mu 1545 n'kuvuulidwa mu 1982. Ndi a mtengo wa yew, ndipo sanamatidwe kanthu. Osema anasiya thabwa loyera la pansi pa khungwa kuti likhale msana chifukwa limapirira kutamuka, ndipo lofiirira la mkati, lopirira kufinyika, likhale mimba. Mtengowo unabadwa ndi chomata chake. Ishi, munthu wa mtundu wa Yahi amene anatulukira ku Oroville ku California mu 1911, anali ndi vuto lina. Mauta ake anali aafupi, a mtengo wa juniper, ndipo uta waufupi umapindika kwambiri. Iye ankatafuna mitsempha ya gwape kuti ifewe, n'kuiyala kumsana ndi guluu wa chikopa cha nsomba ya salmon. Mitsempha ikamauma imakhwinyata n'kukokera utawo chambuyo, ndiye umakhala utasunga kale mphamvu usanakungidwe. Mitsempha yomweyo mutaimata pa uta wautali wa Mary Rose, ingangolemeretsa nsonga n'kuchedwetsa muvi.

Wina angatsutse kuti nsungwi siduka wamba, choncho kuimata paliponse n'kudziteteza. Zoona, ndipo a ku Japan akhala akuimata pa yumi, uta wawo wotalika mamita oposa 2. Koma iwo amaika nsungwi mbali zonse ziwiri. Msana ukakana kutamuka, katundu yense amagwera mimba, ndipo ngati mtengowo ndi wofewa, pamimba pamatuluka timizere topingasa tonga makwinya. Utawo sunathyoke, koma wafa: ukaumasula nsinga umatsala wopindika. Mmisiri wodziwa amapala nsungwiyo mpaka ipyapyale, kapena amaiphatikiza ndi mtengo wouma gwa ngati ipe.

Palinso amene amati kumata n'kubisa ulesi, kuti katswiri weniweni amatsata luzi la mtengo osalidula. Mawu amenewa ndimawalemekeza, pakuti Ahadza a ku Tanzania amasaka nyama zikuluzikulu ndi mauta osamata. Komabe si aliyense ali ndi mtengo wowongoka wopanda mfundo. Ainuit ankadalira mitengo yokokoloka ndi nyanja, yosachedwa kuthetheka, ndipo ankamangirira kumsana zingwe zoluka za mitsempha popanda guluu. Kumeneko n'kuwerenga bwino chofooka cha mtengo. Chikopa chosafufuta ndi nsalu nazo siziwonjezera liwiro kwenikweni, zimangogwira luzi kuti lisatukuke, ndipo pa mtengo wabwino wokhala ndi kachilema kamodzi, n'zokwanira. Nyengo nayo ili ndi mawu. Mitsempha ndi guluu wa zikopa zimamwa chinyezi, moti uta wolimba m'chilimwe cha Okutobala ungalefuke m'dzinja la Januwale ngati sunapakidwe chotchinga madzi.