Nthanda pa Chithunzi ndi m'Nthano

Tsiku lina ndinauza ana a pa sukulu yathu, kufupi ndi Balaka, kuti ajambule thambo la usiku. Pamene ndinasonkhanitsa mapepala ao ndinachita manyazi. Onse anajambula nyenyezi za nsonga zisanu, zolingana kukula, monga zija za pa makadi a Khrisimasi. Ndipo ena anaika nyenyezi pakati pa nyanga za mwezi, malo amene nyenyezi siioneka konse, pakuti mbali yamdima ya mwezi iphimba zonse ziri kumbuyo kwache. Nditafunsa kuti Nsangwe zituruka kuti, panalibe ndi mmodzi yemwe woyankha. Mlandu suli wa ana iai, koma wathu aphunzitsi, amene tawazoloweza kuyang'ana m'buku asanayang'ane kumwamba.

Tsono tiyeni tilinganize nchito ziwiri za luso, zochokera m'maiko otalikirana, koma zobadwa mwa nyenyezi imodzi, ndiyo Nthanda, imene Azungu aitcha Venus.

Yoyamba ndi chithunzi chochedwa The Starry Night, chimene Vincent van Gogh, mmisiri wa ku Holland, anachijambula m'mwezi wa June 1889, ali m'nyumba ya odwala mutu ku Saint-Rémy, m'dziko la France. Chisungidwa ku Museum of Modern Art, ku New York. M'menemo thambo lizungulira ngati madzi a Shire pa mathithi, nyenyezi zifufuma ndi kuwala, mtengo wakuda ukwera ngati lawi la moto, ndipo mudzi wagona chete pansi pache. Wina anganene kuti mmisiriyo ananama, ndipo pali chifukwa chache: mudziwo sunaoneke pa zenera lache, ndi mwezi wa masiku amenewo sunali woonda monga anaujambula. Koma taonani nyenyezi yoyera ija yoposa zinzache, pafupi ndi mtengo. Iyo anaiona ndi maso kum'mawa dzuwa lisanaturuke, nalembera mbale wache Theo za kukula kwache. Ndipo akatswiri a zakumwamba atawerengera anapeza kuti Nthanda inalidi pomwepo nyengo ija.

Yachiwiri ndi nthano ya makolo athu, imene Alice Werner anailemba m'Chingerezi. Iwo amati mwezi ndi mwamuna wa mitala. Mkazi wache wa kum'mawa, Chekechani, amam'mana nsima, kotero kuti awonda kufikira atha. Koma akafika kumadzulo kwa Puikani, uyu amphikira bwino, ndipo ayambanso kunenepa. Pano akulu anaphonya chinthu chimodzi, pakuti akazi awiriwo ndi nyenyezi imodzi, imene nyengo zina ioneka mbandakucha ndi nyengo zina madzulo. Koma pa zina zonse maso ao sananame. Mwezi wopita kukutha uoneka kum'mawa kusanache, ndipo mwezi watsopano uoneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Abale athu Achisilamu a ku Machinga adziwa ichi bwino, popeza ayang'ana komweko pofuna mwezi wotsekera kusala kwa Ramadani.

Nanga iposa ndi iti? Ine nditi chithunzi chiposa pa kuonetsa mtima wa munthu wosauka ndi nthenda, amene usiku sumpatsa tulo. Koma nthano iposa pa kuphunzitsa, chifukwa mwana woimva kamodzi saiwalanso kumene mwezi ubadwira ndi kumene ufera, ndiponso amva mwambi wa m'banja osauzidwa. Chimene zigwirizana nchakuti onse awiri, Mzungu uja ndi nkhalamba ya pamudzi, anayamba apenya, nakometsa pambuyo pache. Mmisiri ali ndi ufulu wakupinda chimene anachiona. Koma wosaona kanthu alibe chakupinda, angotsanzira za eni.

Kumbukiraninso kuti omasulira Buku Lopatulika la 1922, pofika pa nyenyezi za m'buku la Yobu, sanabwereke maina achilendo, koma anafunsa eni dziko. Potero tiri nao maina onga Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana ngati akamwini pa njira, ndi Kumpotosimpita, zimene zikhala kumwera osaoloka. Kodi dzina lotere si ndakatulo yathunthu? Wolitcha anali ndi diso, anali ndi nthabwala. Koma maina awa alinkutha, chifukwa nyali za magetsi za ku Liwonde ndi Balaka zizimiriritsa nyenyezi zazing'ono, ndipo ana sakhalanso pabwalo ndi agogo ao madzulo.

Chifukwa chache ndidandaulira inu oimba ndi ojambula a kuno. Balaka ndi kwao kwa Alleluya Band, imene inayamba mu 1978, kwao kwa Paul Banda ndi malemu Lucius Banda. Luso silisowa pano. Pitani kwa asodzi a ku Chilwa ndi ku Chiuta, ndi kwa nkhalamba za m'tsinde mwa phiri la Chikala, muwafunse maina akali moyo, pakuti mau a akulu akoma akagonera. Ine ndalonjeza ana anga kuti mwezi ukapita kumdima tidzaturuka pabwalo la sukulu opanda nyali, ndipo mapepala ndidzawapatsa m'mawa mwache.